Kandalama ka yuniyoni pa malipiro anu: amakakhazikitsa ndani, nanga kamapita kuti?

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba ku Matawale atanyamula pepala la malipiro ake oyamba. Anali atangochoka pamzere wa kubanki m'tauni, nkhope ili yakugwa, chifukwa ndalama imene anamuuza pomulemba ntchito ndi imene inalowa mu akaunti sizinafanane. Tinakhala pakhonde n'kuyamba kutsata mzere ndi mzere. Msonkho wa PAYE anaumvetsa, ngakhale monyinyirika. Za penshoni ndinamuuza kuti lamulo limati iye azipereka K5 pa K100 iliyonse, abwana ake n'kuwonjezerapo K10, ndipo ndalamayo adzaipeza kutsogolo. Kenako chala chake chinaima pa kamzere kotsiriza, kandalama kochepa kuposa zonse.

"Amalume, nanga aka ka yuniyoni aka? Fomu yake anandipatsa tsiku loyamba, ndinangosayina limodzi ndi mapepala ena. Kodi ndi boma limadula? Kamapita kuti?"

Funso limeneli ndinalimva kosawerengeka pa zaka zimene ndinali msungichuma wa nthambi ya yuniyoni kuntchito kwathu, ndipo nthawi zambiri linkabwera ndi mkwiyo, ngati munthu wagwira mbala m'munda. Ofunsawo sindiwadzudzula. Ndalama iliyonse imene ichoka m'thumba la munthu asanaigwire n'komwe imayenera kufotokozedwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa ndalama zonse zimene zinadulidwa pa pepala lija, ya yuniyoni ndi imene wogwira ntchito ali ndi mawu pa kuchuluka kwake ndi pa ntchito yake, koma ndi yomweyonso imene anthu ambiri sadziwa mutu wake.

Amene amaikhazikitsa si boma, ndiponso si abwana. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woyambitsa kapena kulowa bungwe la anthu ogwira ntchito, komanso ufulu wosalowa. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 ndi limene limafotokoza mmene mabungwewa amalembetsera ndi mmene amayendera. Kuno ku Zomba m'pofunika kunena kuti lamuloli silikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, choncho anzathu a ku Cobbe Barracks, a kusukulu ya apolisi ndi a kundende yaikulu ija alibe kamzere kameneka. Koma mphunzitsi wa ku Jali, namwino wa pa Zomba Central Hospital, kalaliki wa m'boma, wokonza mipope ya madzi, wosesa pa yunivesite, onsewa ali ndi mabungwe amene angalowe, monga Teachers Union of Malawi, National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi, Civil Servants Trade Union ndi ena.

Bungwe likamalembetsa ku ofesi yolembetsa mabungwewa ku unduna wa zantchito, limapereka malamulo ake oyendetsera zinthu, amene ambiri timangoti konsitichushoni ya yuniyoni. Mmenemo ndi mmene mumalembedwa amene angakhale membala, mmene atsogoleri amasankhidwira, ndalama ya umembala ndi amene ali ndi mphamvu yoisintha. M'mabungwe ambiri mphamvuyo ili m'manja mwa msonkhano waukulu, umene umachitika pakapita zaka zingapo, ndipo nthambi iliyonse imatumizako nthumwi. A kulikulu amabwera ndi ndondomeko ya chuma, amaonetsa zimene zikulowa ndi zimene zikufunika, nthumwi zimakambirana, kenako n'kuvota. Mlembi wamkulu sangadzuke m'mawa n'kulembera abwana anu kuti kuyambira mwezi uno muzidula zakuti. Akatero popanda chigamulo cha msonkhano umene malamulowo amatchula, wathyola malamulo a bungwe lake lomwe, ndipo membala wamba angathe kumuimitsa.

Pa msonkhano umenewo mkangano waukulu umakhala pa njira yowerengera. Njira ina ndi yoti aliyense azipereka ndalama yofanana, kaya amalandira zingati. Ina ndi yoti aliyense azipereka gawo la malipiro ake, mwachitsanzo K1 pa K100 iliyonse, monga amachitira mamembala a IG Metall, bungwe lalikulu la anthu ogwira ntchito m'mafakitale ku Germany. Pali ena amene amagawa anthu m'magulu malinga ndi magiredi, gulu lililonse ndi mtengo wake.

Ndalama yofanana imakoma m'makutu. Aliyense amaidziwa, a ku ofesi ya malipiro savutika kuwerengera, ndipo imaoneka ngati chilungamo chenicheni, poti voti ya aliyense ndi imodzi. Koma tiyeni tiiyese ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti ndi K1,000 pa mwezi. Mlonda wolandira K90,000, imene inali malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu 2024, ndiye kuti akupereka kuposa K1 pa K100 iliyonse. Mnzake wa mu ofesi wolandira K600,000 akupereka matambala 17 okha pa K100. Kwa mlonda uja K1,000 ndi ndiwo za tsiku; kwa winayo ndi ndalama imene sangazindikire kuti yasowa. Amene amaumva kulemera mtolowu ndi wosauka, pamene malipiro akakwera ndi gawo lofanana kwa onse, wopindula kwambiri ndi wolandira zambiri uja. Pa njira ya K1 pa K100, mlonda apereka K900, winayo K6,000, ndipo thumba la bungwe limakula lokha nthawi iliyonse imene bungwelo lapambana pa zokambirana za malipiro. Izi zimamangiriza atsogoleri ku ntchito yawo: akalephera kukweza malipiro a mamembala, nawonso chuma chawo chimaima.

Vuto lina la ndalama yofanana ndi lakuti imadyeka ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ofesi ya National Statistical Office, imene ili konkuno ku Zomba, mwezi ndi mwezi imatulutsa kukwera kwa mitengo ya zinthu, koma mayi wogula sopo ndi mafuta ophikira pa msika wa Mpondabwino safuna kuuzidwa. Lendi ya ofesi ya yuniyoni imakwera, mafuta a galimoto amakwera, loya amakweza mtengo, koma ndalama ya umembala imakhala pomwe inaikidwa pa msonkhano wa zaka zinayi kapena zisanu zapitazo. Ndipo msonkhano ukafika, tsiku lokambirana za ndalama limakhala pafupi ndi tsiku la zisankho. Ndani wofuna mpando amene angaime pamaso pa nthumwi n'kunena kuti ndikapambana muzidulidwa zambiri? Nkhaniyo amaikankhira ku msonkhano wotsatira. Ine ndinaona bungwe likuonda chaka ndi chaka mwanjira imeneyi popanda munthu woba ngakhale tambala, ndipo n'chifukwa chake ndimakonda njira ya gawo la malipiro, ngakhale ndikudziwa kuti a magiredi apamwamba amaidandaula.

Tsopano kasonkhetsedwe kake. Akuluakulu amene anatiphunzitsa ntchitoyi ankasimba za nthawi imene msungichuma ankaima pakhomo tsiku la malipiro ndi buku la malisiti, aliyense n'kupereka pamanja. Inali ntchito yotopetsa, ndipo ambiri ankazemba. Masiku ano lamulo limalola wogwira ntchito kulemba chilolezo choti abwana azimudula ndalamayo n'kuitumiza ku bungwe. Ndiyo fomu imene mwana wa mlongo wanga anasayina osaiwerenga. Chilolezocho ndi cha mwini wake, ndipo angathe kuchichotsa polembanso kalata. Ngati munthu akudulidwa asanasayine kalikonse, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira.

Njira yodula pa malipiroyi inapulumutsa mabungwe ambiri, chifukwa ndalama imalowa mwezi uliwonse ndipo atsogoleri angathe kukonza za m'tsogolo. Koma ili ndi minga iwiri imene sitiikamba mokwanira. Woyamba ndi wakuti mpopi wake uli m'manja mwa munthu amene mukulimbana naye. Kuntchito kwathu zinachitikapo: pa mapepala a malipiro ndalama inkaoneka kuti yadulidwa, koma ku akaunti ya bungwe kunali zii kwa miyezi isanu. Ndinkapita ku ofesi ya zachuma ndi mndandanda wa mayina m'manja, amandiuza kuti cheke chikudikira siginecha, sabata yotsatira amati wosayina ali ku Lilongwe. Nthawi imeneyo tinali pakati pa zokambirana za malipiro. Mamembala ankatiyang'ana ife ngati tadya ndalama zawo, pamene tinkasonkha m'matumba mwathu kuti tcheyamani akwere minibasi kupita ku Blantyre. Ndalama imene yadulidwa kale pa malipiro si ya kampani ayi, ndi ya ogwira ntchito, ndipo kuisunga ndi kugwira chinthu cha eni. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kufuna mndandanda wa odulidwa mwezi uliwonse n'kuufananiza ndi zimene zalowa ku banki.

Munga wachiwiri ndi wobisika. Msungichuma wa buku la malisiti uja ankakumana ndi membala aliyense maso ndi maso kamodzi pa mwezi, ndipo asanalandire ndalama ankayamba wamva madandaulo. Akalephera kuyankha, ndalama sinkatuluka. Lero ndalama imayenda yokha pa kompyuta kuchoka ku ofesi ya malipiro kupita ku likulu, ndipo mtsogoleri angathe kutha chaka osaponda pa sukulu ya ku Chingale kapena pa chipatala chaching'ono cha ku Mayaka, koma ndalama za anthu a kumeneko zikulowabe. Membala nayenso amaiwala kuti ndi membala. Amakumbukira tsiku limene walandira kalata yomuimitsa ntchito.

Ikafika ku bungwe, ndalamayo imagawidwa motsata malamulo ake. Gawo lina limatsala ku likulu, lina limayenera kubwerera ku zigawo ndi ku nthambi, ndipo apa ndi pamene madandaulo ambiri a nthambi amachokera, chifukwa gawo lobwererali limachedwa kapena silifika. Gawo lina limapita ku mabungwe aakulu amene yuniyoniyo inalowa. Kuno kwathu ambiri ali pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, imene imaimira ogwira ntchito pokambirana ndi boma komanso ndi bungwe la olemba ntchito la ECAM pa nkhani monga malipiro otsikitsitsa ndi kusintha kwa malamulo a zantchito. Malipiro otsikitsitsa atachoka pa K50,000 kufika pa K90,000, anthu ambiri amene anapindula sanali mamembala a bungwe lililonse, koma amene anakawalankhulira anayendera ndalama za mamembala. Palinso zopereka ku mabungwe a dziko lonse lapansi, monga Education International kwa aphunzitsi.

Zotsalazo zimayamba ndi zinthu zosasangalatsa kumva: lendi, magetsi, mayunitsi a foni, malipiro a alembi ndi owerengera ndalama, mafuta. Anthu akamva zimenezi amati ndalama zathera mu ofesi. Koma kukambirana za malipiro si kungolowa m'chipinda n'kumenya tebulo. Abwana amabwera ndi akatswiri a zachuma ndi maloya, atanyamula mabuku. Oimira ogwira ntchito akabwera ndi mkwiyo wokha, amatuluka ndi malonjezo okha. Pamafunika munthu wodziwa kuwerenga malipoti a chuma cha kampani kapena bajeti ya boma, wodziwa mtengo wa thumba la chimanga, lendi ya nyumba ya zipinda ziwiri ku Chinamwali ndi mtengo wa minibasi, n'kuzisanja mwakuti mbali inayo isowe potsutsa. Munthu wotero amalipidwa. Ndipo nthumwi yochokera ku Zomba kupita ku zokambirana ku Lilongwe imatha pafupifupi tsiku lonse pamsewu, imafuna pogona ndi chakudya. Mu Febuluwale 2013, pa nthawi ya Joyce Banda, ogwira ntchito m'boma ananyanyala ntchito pafupifupi masabata awiri mpaka mabwalo a ndege anatsekedwa, ndipo pomaliza olandira zochepa kwambiri anawakwezera ndi 61 peresenti. Anthu amakumbukira nyimbo ndi nthambi za mitengo pa zipata, koma kuseri kwake kunali misonkhano, mafoni ndi maulendo amene wina analipira.

Gawo limene ine ndimaliona kuti ndilo mtima wa nkhaniyi ndi la milandu. Munthu akachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka kapena osapatsidwa mpata wodziteteza, njira yake imadutsa kwa mkulu wa zantchito wa m'boma, ndipo zikakanika imafika ku khoti la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Mlandu ungatenge zaka. Wochotsedwayo alibe malipiro, ana akufuna fizi, mwini nyumba akugogoda. Payekha ambiri amangousiya. Membala wa yuniyoni amayenera kukhala ndi womuperekeza kuyambira pa bwalo la mwambo la kuntchito komweko, munthu wodziwa kufunsa kuti kalata yomuitana inafika liti ndipo mlandu wake unalembedwa bwanji. Milandu yambiri imathera pomwepo ngati woperekezayo anaphunzitsidwa bwino, ndipo maphunziro a oimira anzawo pa malo a ntchito ndi chinthu china chimene ndalama ya umembala imalipira. Mwa anthu 400, mwina asanu okha ndi amene adzafune thandizo lotere pa chaka. Koma palibe amene amadziwiratu kuti asanuwo ndi ati.

Ife a ku Zomba tinaona ndi maso zimene bungwe lingachite munthu mmodzi akakhudzidwa. Pa 12 Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, anaitanitsa mphunzitsi wa pa Chancellor College, Blessings Chinsinga, n'kumufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi zokhudza zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake, kudzera m'bungwe lawo la CCASU limene linkatsogoleredwa ndi Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Anayi anachotsedwa ntchito, sukulu inatsekedwa, nkhani inalowa ndi kutuluka m'makhoti, ndipo inatha mu Okutobala chaka chomwecho pamene anayiwo anabwezeretsedwa. Miyezi isanu ndi itatu. Ku Chikanda eni nyumba za lendi ndi ogulitsa mandazi anaimva nkhaniyo m'matumba. Chinsinga akanakhala yekha, nkhani yake ikanatha sabata yomweyo.

Apa ndi pamene pali bala limene mabungwe athu sanalipoletse: thumba la sitalaka. M'mayiko monga Germany, membala akanyanyala ntchito bungwe limamupatsa ndalama yoti adyere pa masiku amene sakulipidwa, ndipo olemba ntchito amadziwa kuti thumbalo ndi lakuya. Kwathu kuno kwa zaka zambiri anthu ankanyanyala ntchito malipiro akulowabe, choncho thumba lotere silinkaoneka lofunika. Mu 2021, chaka chimene aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19, Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la Labour Relations Act, ndipo tsopano wolemba ntchito ali ndi mphamvu yodula malipiro a munthu amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pa chaka. Mabungwe anakana kwambiri, koma lamulolo linasayinidwa. Kuyambira tsiku lachinayi, sitalaka imadya m'poto wa wogwira ntchito.

Tibwerere ku manambala athu oyerekeza aja. Anthu 400 opereka K1,000 aliyense amasonkha K400,000 pa mwezi, K4,800,000 pa chaka. Bungwe litafuna kupatsa aliyense K2,000 yokha pa tsiku la sitalaka, imene siikwana n'komwe chakudya cha banja, lingafune K800,000 tsiku lililonse. Ndalama ya chaka chonse, osalipira lendi kapena loya, ingathe m'masiku asanu ndi limodzi. Likamapatula K10 pa K100 iliyonse kuika m'thumba la sitalaka, pa chaka lasunga K480,000, yosakwana tsiku limodzi. Abwana masamu amenewa amawadziwa bwino kuposa mamembala, ndipo akamva kuti anthu akuopseza kunyanyala ntchito amangowerenga masiku. Nkhanga zinapangana kusanapse. Thumba lotere limamangidwa pa zaka zamtendere, pang'onopang'ono, mu akaunti yakeyake imene singakhudzidwe pogula mafuta a galimoto kapena pokonza msonkhano.

N'chifukwa chake ndimavutika mtima ndikaona kuti chimene mamembala ambiri amafunsa ndi chitenje ndi tisheti ya pa 1 Meyi. Sindikunyoza chitenje. Amayi akavala chofanana n'kuyenda limodzi pa tsiku la ogwira ntchito, pamakhala ulemu ndi mphamvu imene munthu amaimva m'thupi. Chipepeso pa maliro nachonso ndi chathu. Bungwe limene silioneka pa maliro a membala wake anthu sangalikhulupirire pa china chilichonse. Koma zinthu zimenezi zimakondedwa ndi atsogoleri pa chifukwa china: zimaoneka, zimagwirika, zimabweretsa mavoti. Ndalama imene yagula zitenje 400 ikanatha kulipira loya pa mlandu wa munthu amene anachotsedwa ntchito ali ndi pakati. Nthumwi zikamavomereza bajeti zimayenera kudziwa kuti zikusankha pakati pa ziwirizi.

Mwana wa mlongo wanga anafunsanso funso lina lanzeru. "Nanga amalume, mnzanga amene sanasayine uja, malipiro akakwera iye samukwezera?" Amamukwezera. Pangano la malipiro likasayinidwa, kawirikawiri limafika kwa onse a magiredi amenewo, wopereka ndi wosapereka yemwe. Nkhani ya okolola pamene sanalime imeneyi yavutitsa mayiko ambiri. Ku Canada, woweruza Ivan Rand anagamula mu 1946 kuti wosafuna kulowa yuniyoni asakakamizidwe, koma azipereka ndalama poti akupindula nawo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, lamulo la 1995 limalola pangano loti osakhala mamembala azidulidwa ndalama yothandizira zokambirana. Ku United States khoti lalikulu linagamula mosiyana mu 2018, pa mlandu wa Janus, kuti ogwira ntchito m'boma asakakamizidwe kupereka kalikonse. Kwathu kuno chimene munthu ayenera kudziwa ndi chakuti chiwerengero chili ndi mphamvu pa lamulo: bungwe likakhala ndi mamembala okwana 20 pa anthu 100 alionse pa malo a ntchito, wolemba ntchito amayenera kulizindikira n'kukambirana nalo. Pa anthu 400, pamafunika 80. Aliyense amene wachotsa dzina lake sanangochotsa K1,000 yokha, wachotsanso njerwa imodzi pa chiwerengero chimenecho.

Ndalama ya mamembala ikachepa, bungwe silimangofa, limayamba kufuna kwina. Mabungwe a kunja athandiza kwambiri mayuniyoni athu ndi maphunziro ndi zipangizo, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma ndalama ya wothandiza imabwera ndi mutu wake, ndipo mlembi wamkulu amayamba kutha nthawi yambiri akulemba malipoti a pulojekiti kuposa kumva za munthu amene sanalipidwe ovataimu. Choopsa kwambiri ndi thandizo lochokera kwa wolemba ntchito kapena kwa andale: galimoto, ofesi yaulere, alawansi ya msonkhano ku nyanja. Mbiri yathu imatichenjeza. Dziko litangolandira ufulu mu 1964, mabungwe a ogwira ntchito anakakamizidwa kukhala pansi pa chipani cha MCP, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi atatu anangotsala dzina. Amene anabwera kudzatsutsa poyera ulamuliro wa chipani chimodzi pa 6 Epulo 1992, n'kumangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, anali munthu wa mayuniyoni, Chakufwa Chihana. Patangotha mwezi, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto unafalikira, ndipo anthu anafa m'misewu. Ufulu wa pa gawo 31 uja unachokera kumeneko. Bungwe limene limadya za mamembala ake okha ndi limene lingayang'ane nduna kapena bwana m'maso.

Koma kunena kuti perekani mokwanira popanda kunena kuti funsani mabuku kungakhale kunyenga anthu. Ndalama za mayuniyoni zimabedwa ndithu, ndipo kuba kwake nthawi zambiri si kothyola sefa. Ndi misonkhano ya komiti yosatha, uliwonse ndi alawansi yake. Ulendo wa anthu awiri umene pamapita asanu ndi awiri. Msonkhano waukulu umene ukuchedwetsedwa chaka ndi chaka ponena kuti ndalama palibe, atsogoleri omwewo ali pa mipando. Lamulo limafuna kuti bungwe lililonse lizipereka chaka ndi chaka ku ofesi yolembetsa mabungwe ija malipoti a chuma ounikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama. Membala angafunse lipoti limenelo, ndipo angafunse zinthu zosafuna sukulu yambiri: tilipo angati amene tikudulidwa, zinalowa zingati chaka chatha, ku nthambi yathu kunabwera zingati, pa milandu panapita zingati ndipo pa maalawansi zingati, amasayina macheke ndi ndani ndi ndani. Msungichuma woona mtima amasangalala ndi mafunso amenewa, chifukwa ndi amene amamuyeretsa. Pa misonkhano ya nthambi yathu, tsiku lowerenga za chuma tinkakhala anthu osakwana makumi awiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ena onse atatuma anzawo kuti akawamvere. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawa lake omwe sanabwerewo ndi amene ankafalitsa kuti ndalama zadyedwa.

Zonsezi ndi za anthu amene ali ndi pepala la malipiro, ndipo ku Zomba, monga m'dziko lonse, oterowo ndi ochepa. Wogulitsa matemba a ku Kachulu mu msika waukulu, wa kabaza pa Songani, telala wa pakhonde la sitolo, alibe bwana woti awadulire. Bungwe la Malawi Union for the Informal Sector limayesa kuwasonkhanitsa, ndipo kwa anthu otere ndalama imaperekedwa pamanja kapena pa foni, monga mmene zimakhalira ku banki m'khonde. Ndi yovuta kusonkhetsa, imalowa mwa apo ndi apo, koma wopereka amadziwa bwino chimene akuperekera, ndipo mwezi umene sanaone phindu amafunsa asanatulutse. Ndikaona mmene amayi a banki m'khonde amawerengera ndalama zawo poyera, bokosi lili pakati, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, aliyense akudziwa zimene zilimo mpaka tambala, ndimaona kuti luso limeneli tili nalo kale. Amayi omwewo akafika kuntchito amadulidwa mwezi ndi mwezi osafunsa.

Mwana wa mlongo wanga anapinda pepala lake n'kuliika m'chikwama. Ndinamuuza kuti Lolemba akafunse woimira yuniyoni kuntchito kwawo zinthu ziwiri: malamulo a bungwelo, ndi tsiku la msonkhano wa nthambi. Lachitatu madzulo anandiimbira foni. Malamulowo anawapeza, kope limodzi lakale lopanda chikuto, limene linali m'kabati ya tcheyamani, ndipo analijambula ndi foni tsamba ndi tsamba n'kutumiza pa gulu lawo la WhatsApp. Pa tsamba lachisanu ndi chinayi panalembedwa kuti nthambi iyenera kukumana miyezi itatu iliyonse ndi kuwerengera mamembala za chuma. Anzake anamuuza kuti papita zaka ziwiri asanakumane.

"Ndiye tasayina anthu khumi ndi anayi kalata yopempha msonkhano, amalume. Mundiuze mafunso aja ndiwalembe."